Kampani ya mgodi ikubwera pafupi ndi mjigo wathu: wa lendi ali ndi mawu?

Moni nonse abale anga a kuno ku Joni. A admin chonde musachotse, si za malonda.

Ndimakhala pa lendi pa puloti ina cha ku Randfontein, ndikuyang'aniranso malowo m'malo mwa abwana amene anasamukira ku Cape Town. Tilipo mabanja angapo, Amalawi ndi anzathu a ku Mozambique, tonse pa mjigo umodzi. Mapaipi a masipala sanatifike. Kumwa, kuchapa, kuthirira dimba la mpiru ndi nkhwani zomwe ndimakagulitsa ku Kagiso, zonse ndi mjigo womwewu.

Pano apachika chikwangwani pa waya wa kumsewu. Akuti kampani ina ikufuna kugumula chulu chakale cha mchenga wa mgodi chomwe chili kuseri kwathu, itsukenso mchengawo kuti ichotse golide wotsalira. Apemphanso layisensi ya madzi ku Department of Water and Sanitation, ndipo okhudzidwa akuti alembetse maina.

Mtima wanga suli m'malo chifukwa dera lino madzi ake anavulala kale. Golide anayamba kukumbidwa kuno mu 1886, ndipo miyala yake ili ndi pyrite, yemwe akakumana ndi mpweya ndi madzi amapanga asidi. Asidiyo amasungunula chitsulo, manganese ngakhale uranium. Mu 2002 migodi yosiyidwa itadzaza, madzi otere anatumphukira pamwamba pafupi ndi Krugersdorp n'kulowa mu Tweelopiespruit. Amene munaonako mitsinje yotere mukudziwa: matope ofiira ngati dzimbiri, m'mbali mwake mutayanga zoyera, udzu wopserera. Anyamata a kampani akuti kuchotsa chuluko n'kutiyeretsera dera. Mwina n'zoona, koma pogumulapo madzi otsukira azipita kuti? Nanga akamapopa pansi, mjigo wathu suuma?

Ndiye ndithandizeni. Ine wa lendi, mlendo m'dziko la eni, ndingalembetse dzina osadziputira mavuto? Abwana ndikawaimbira amangoti "tiona".

Mayi wa ku Kagiso: Achimwene, lembetsani lero lomwe. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake, silinena kuti nzika zokha. Gawo 27 la madzi ndi chimodzimodzi. Koma chachikulu yezetsani madzi asanayambe ntchito. Mukadzadandaula madzi atasintha kale adzakufunsani kuti poyamba anali otani, inu kukamwa yasa. Pitani ku labu yovomerezedwa ndi SANAS (bungwe lovomereza malabu m'dziko lino), ayeze molingana ndi SANS 241 (muyezo wa madzi akumwa), ndipo muwatchulire pH (mlingo wa asidi), sulphate, chitsulo, manganese ndi uranium, chifukwa ena amangoyeza tizilombo basi. Sonkheranani ndalama mabanja nonse. Muyezetse m'dzinja, mubwerezenso m'chilimwe. Muzilembanso m'kope kuti madzi ali pakuya bwanji mumjigomo, ndi tsiku lake.

Bambo wa ku Germiston: Amayi anena zoona, koma pali pena poterera. Lamulo la madzi la 1998, National Water Act, linachotsa zoti madzi a pansi ndi a mwini malo. Boma ndi limene limawasunga m'malo mwa anthu onse. Schedule 1 ya lamuloli imalola kutunga a pakhomo, omwetsa ziweto ndi kadimba kosachita nako malonda popanda layisensi. Inu mukugulitsa ndiwo, ndiye loya wa kampani akhoza kugwira pamenepo. Funsani abwana anu ngati mjigowo unalembetsedwa. Chinanso, kukuwa pa msonkhano sikuwerengedwa. Lembani kalata yotsutsa nthawi isanathe, musunge kope lake, chifukwa ku Water Tribunal, bwalo la madandaulo a za malayisensi a madzi, amamva apilo ya munthu amene anatsutsa polemba pa nthawi yake. Pemphani lipoti lawo la madzi a pansi muone ngati mjigo wanu uli pa mapu. Ngati suli pa mapupo, ndiye mfundo yanu yoyamba. Mabungwe a Centre for Environmental Rights ndi Federation for a Sustainable Environment nkhani za madzi a m'migodi ndi zawo, alembereni.

Mwini funso: Zikomo amayi ndi abambo. Za Schedule 1 zandiwawa koma bola ndamva. Abwana ayankha madzulo ano kuti kampaniyo inawaimbira kale, ikulonjeza kuti mjigo ukawonongeka izitibweretsera madzi pa galimoto ya thanki, bola asayine pepala. Ineyo sindikukhulupirira, thanki ya madzi akumwa singathirire dimba mu Okutobala. Kodi abwana akasayina, ife okhala pamalopo kutsutsa kwathu kumagwirabe ntchito? Ndipo alipo amene akudziwa labu yotsika mtengo mbali ya Roodepoort kapena Krugersdorp?