Funso: timibulu ta silika tikukana kudzisanja bwino pa galasi

Moni akuluakulu nonse m'gulu lino, makamaka inu amene mumagwira ntchito za sayansi kuno ku Harare.

Ndikupempha nzeru pa kafukufuku wanga wa timibulu ta silika (chinthu chimene chimapezeka kwambiri mu mchenga) timene timayenera kudzisanja tokha pa galasi n'kupanga kansalu konyezimira ngati mwala wa opal. Timibuluto ndimatipanga ndi njira ya Stöber, posakaniza TEOS (mankhwala amadzimadzi amene silika amachokerako), ethanol, madzi ndi amoniya, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi mananomita 280 (mananomita miliyoni imodzi amapanga milimita imodzi). Ndikaimika galasi m'chikho momwe muli timibuluto ndi ethanol, kuti ethanol aziuma pang'onopang'ono n'kusiya timibuluto pa galasipo, kansaluko kamatuluka ndi ming'alu yambiri, ndipo malo ena kamangoyera mbuu osaonetsa mtundu uliwonse.

Ndayesa kuchepetsa timibulu m'chikhomo, kutsuka galasi mosamala, ndiponso kuvindikira chikho kuti kuuma kuchedwe, popeza mpweya wa kuno umauma kwambiri mvula ikasiya. Ming'aluyo yachepa pang'ono chabe. Ndikuganiza kuti timibuluto tikusiyana kukula kuposa 5 peresenti, ndipo kusiyana kotere kumasokoneza kasanjidwe kake.

Kodi ndisinthe kuchuluka kwa amoniya, kapena ndiyambe ndapatula timibuluto molingana ndi kukula kwake pogwiritsa ntchito centrifuge (makina opatula zinthu pozizungulitsa mwaliwiro)? Nanga ndi kuti kuno ku Harare kumene ndingakayezetse kukula kwake ndi maikulosikopu ya maelekitironi? Chonde ndithandizeni.