Macro yanga ya swap sikusinthanitsa kanthu

nkhululu

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikulemba interpreter (pulogalamu yowerenga ndi kuyendetsa code) yaing'ono ya chilankhulo cha Lisp mu Python. Ma macro (code yomwe imatambasulidwa kukhala code ina isanayendetsedwe) ndimawasunga mu dictionary yawoyawo, ma variable ali mu environment yolumikizana ngati unyolo. Dzulo usiku ndinalemba macro ya swap yosinthanitsa mitengo ya ma variable awiri, mkati mwake muli tmp yosungira kaye chinthu chimodzi. Pulogalamu yoyesera inalinso ndi variable dzina lake tmp, ndiye ndinati isinthane ndi y. Palibe error, komanso palibe chasintha. Ndatha maola atatu ndikukayikira set! wanga, lamulo losinthira mtengo wa variable. Ndalakwa pati?

kadzidzi

Achimwene, set! alibe mlandu. Macro ikatambasulidwa, tmp ya mu macro yanu ndi tmp ya munthu woitana macroyo zimasanduka dzina limodzi. Yamkati imaphimba yakunja, imalandira mtengo wa y, kenako n'kuubwezera kwa y yemweyo. Chitani ngati a Common Lisp (mtundu wina wa Lisp) ndi function yawo ya gensym: pa kutambasula kulikonse pangani symbol yatsopano. Koma musangomata nambala kuti ikhale tmp1, tsiku lina wina adzalemba tmp1 yake. Ikhale object yatsopano yosalowa m'ndandanda wa ma symbol, kuti ngakhale dzina lifanane, ikhalebe ina.

njuchi

Zoona zimenezo, koma gensym ikutseka bowo limodzi lokha. Bwanji macro yanu ikaitana list, pomwe munthu watcha parameter yake list? Iitana ya munthuyo. Ndi nkhani yomwe katswiri wa makompyuta Kohlbecker ndi anzake analemba mu 1986, ndipo syntax-rules, njira yolembera ma macro ya mu R5RS (muyezo wa chilankhulo cha Scheme) ya 1998, imateteza mbali zonse ziwiri. Kuilemba nokha ndi chintchito, ine sindingakukakamizeni pa interpreter yophunzirira.

Chondidetsa nkhawa ndi dictionary yawoyawo ija. Tchani parameter dzina loti swap muone. Code yanu ifunsa dictionary poyamba, ipeza macro, variable ija siioneka n'komwe. Ikani ma macro mu environment yomweyo, ndi chizindikiro choti iyi ndi macro, kuti dzina lapafupi lizipambana.

nkhululu

Ndayesa, zachitikadi momwemo! Ndasamutsa zonse. Chinanso: ndasintha swap, koma function yomwe ndinalemba kale ikuchitabe zakale.

kadzidzi

Ndiye kuti mumatambasula nthawi yomwe function ikupangidwa, thupi lake linasunga zakalezo. Si cholakwika, ma compiler a Lisp amateronso. Ilowetseninso function ija. Mukati muzitambasula pa kuitana kulikonse zisintha zokha, koma loop yanu idzayenda ngati kamba.