Wailesi ya m'galimoto yochokera ku Japan ikulephera kugwira masiteshoni

Wa ku Luchenza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Wailesi ya m'galimoto yanga, yomwe ndinaitanitsa ku Japan, imagwira masiteshoni ochepa kwambiri, ndipo pa msewu wopita ku Muloza mawu amadukaduka ndikangodutsa Chitakale. Kodi vuto ndi eriyo kapena wailesi yeniyeniyo?

Makaniko wa pa Thyolo Boma:
Bambo, mawailesi ambiri opangidwira msika wa ku Japan amagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene masiteshoni a kuno amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, choncho siteshoni iliyonse ya pamwamba pa 90 simungaipeze ngakhale mutagula eriyo yatsopano. Amisiri amalumikiza band expander (kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni a pamwamba pa 90) pa waya wa eriyo kuseri kwa wailesi, koma ikatero nambala yooneka pagalasi sigwirizananso ndi ya siteshoni, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amalowana. Ine ndimaona kuti kungoika wailesi ina n'kwabwino, ngati thumba likulola.

Mayi wa ku Chitakale:
Kudukaduka kwa mawuko n'kwa malo, achimwene. Mafunde a FM sabowola thanthwe, ndiye mukamayenda m'tsinde mwa phiri la Mulanje, phirilo limakutchingani. M'zigwa za minda ya tiyi ku Thyolo n'chimodzimodzinso.

Dalaivala wa minibasi:
Ife timaika nyimbo ndi maulaliki pa fulashi, n'kusomeka modyuleta (kachipangizo kotumiza mawu a pa fulashi ku wailesi ngati siteshoni) poyatsira fodya paja. Pa wailesi yanuyo mutchere modyuletayo pakati pa 87.5 ndi 90, pamalo popanda siteshoni ina, apo ayi idzalira phokoso lokhalokha.