Kodi mafuta a ndevu oyenera khungu losachedwa kutuluka ziphuphu ndi ati?

Abale anga amene mumasunga ndevu, ndikupempha nzeru zanu. Ndevu zanga zikamakula zimauma ndi kulimba, ndipo khungu la pansi pake limayabwa mpaka kuchita mfundu. Ndikudziwa kuti mafuta a ndevu amafewetsa ndevuzo ndi kuteteza khungu kuti lisaume, makamaka a jojoba, poti amafanana kwambiri ndi mafuta amene khungu limatulutsa lokha, komanso a argan omwe ali ndi vitamini E. Nkhawa yanga ili pa mafuta a kokonati, amene amatha kutseka timabowo ta pakhungu, chifukwa ine sindichedwa kutuluka ziphuphu. Kodi ndisankhe ati, ndipo ndizidzola madontho angati ndikangomaliza kusamba? Nanga onunkhiritsa aja, monga a tea tree, sawotcha khungu akachuluka?