Dzina la laibulale ija: tilembepo Jenerale Nundwe kapena ayi?

Mlembi: Moni nonse a m'gulu. Zithunzi zomwe a hedi atumiza dzulo mwaziona, laibulale ija yafika pa lintala, kwatsala denga, mawindo ndi pulasitala. Ndiye a komiti ya sukulu kumudzi akuti poti ndalama zambiri zachokera kuno ku Harare, dzina tisankhe ife. Pa msonkhano wa Lamulungu ku Highfield aPhiri anatchula la Jenerale Vincent Nundwe koma nthawi inatithera ndi nkhani ya maliro ija. Tiyeni tikambirane pano, mwaulemu chonde, ndipo ma voice a mphindi teni aja ayi, data ikudula.

aPhiri a ku Mufakose: Zikomo a Mlembi. Ine maganizo anga sanasinthe. Amene mumatsatira Zodiak mu 2019 mukukumbuka mmene zinalili chitatha chisankho cha Tippex chija cha pa 21 May, anthu mumsewu sabata ndi sabata, a HRDC akuti mayi Jane Ansah atule pansi udindo, utsi wokhetsa misozi tsiku ndi tsiku, ku Msundwe kosadutsika. Nundwe anali atangopatsidwa kumene mpando wa mkulu wa asilikali a Malawi mu June chaka chomwecho, ndipo tonse timadziwa kuti munthu wongokwezedwa kumene amafuna kusangalatsa amene wamukweza, koma iye asilikali ake anatuluka nkumayenda m'mbali mwa anthu a ma demo kuwateteza mpaka anthu kumawaimbira m'manja. Pa 3 February 2020 majaji asanu aja pokagamula kuti chisankho chibwerezedwe anaperekezedwa ndi asilikali. Malipiro ake? Mu March a Peter Mutharika anamuchotsa nkuikapo a Peter Namathanga. Anthu atavotanso pa 23 June a Chakwera anamubwezera pa mpando mu September, wakhalapo mpaka 2023 pomwe analowa a Paul Valentino Phiri. Ine ndikufuna mwana wa Standard 7 akamalowa mu laibulale adzifunsa kuti kodi ameneyu anali ndani, aphunzitsi nkumuuza kuti ndi munthu amene anali ndi mfuti zonse za dziko koma analola kutaya ntchito.

Nabanda wa ku Mbare Musika: Achimwene zonsezo tamva koma kodi Jeneraleyo ndi wa kwathu? Mudzi wathu anapondamo? Thumba la simenti ngakhale limodzi anaperekapo? Ine ndimadzuka 4 koloko kukapikula tomato kuti ndipeze 5 dollars ya mwezi ya gulu lino, kenako pakhoma padzalembedwe munthu amene sadziwa nkomwe kuti kuli sukulu imeneyi. Ine ayi ndithu.

aPhiri a ku Mufakose: Achemwali, nanga misewu yonse ya Chilembwe ija kumudzi, a Chilembwe anathirapo phula?

Nabanda wa ku Mbare Musika: A Chilembwe anafa 1915, nkhani yawo inatha. Awa ali moyo.

Aphunzitsi opuma a ku Mabvuku: Apo Nabanda wagunda penipeni, ndiloleni nditalikitse pang'ono poti history ndi imene ndinkadyera. Zomwe anachita a Nundwe sindikutsutsa ayi, koma sanayambe ndi iwo, anapeza njira yopondedwa kale. Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali athu anali Graciano Matewere mu 1972, ufulu tinalandira 1964 koma zaka zonsezo pamwamba panali azungu. Mu 1980 analowa Melvin Khanga, ndipo mu nthawi yake ndi mmene anyamata athu anakalondera njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya Renamo. Ndiye bwerani mu December 1993, a Payoniya atapha asilikali ku Mzuzu, asilikali anakwiya nkukaphwasula ma kampu a Payoniyawo, a MYP, dziko lonse, Operation Bwezani imeneyo, Youth House ku Lilongwe kuona zakuda, a Payoniya ena kuthawira ku Mozambique. Nthawi imeneyo Kamuzu anali akudwala atachitidwa opaleshoni ku Johannesburg, boma lili lendelende, akanafuna kulanda palibe akanawaletsa, koma atalanda mfuti za a Payoniya anabwerera ku ma barracks ndipo mu May 1994 anthu anavota. Chimodzimodzi April 2012, Bingu wamwalira pa 5, nduna zina zikuzungulirazungulira kuti mayi Joyce Banda asalowe, mkulu wa asilikali Henry Odillo anaima pa malamulo, pa 7 mayi aja analumbira. Ndiye mukasankha mmodzi enawo muwauza chiyani? Ndipo a Odillo omwewo, amene tinkawatamanda mu 2012, patapita zaka zochepa dzina lawo tinkalimva m'nkhani za kukhoti. Sindikuweruza munthu ine, ndikungoti dzina la munthu wamoyo musamalembe ndi penti wa oyilo.

Mnyamata wa ku Epworth: Pepani akuluakulu Chichewa changa ndi cha kuno, ndinabadwira ku Epworth kumudzi ndinapitako kawiri basi. Koma ine ndili mbali ya ankolo aPhiri. Inu mukuona ngati ndi zachizolowezi kuti general akhale mu barracks. Ife November 2017 tinaona akasinja ndi maso athu mu town muno, usiku wa pa 14 kucha pa 15 msilikali ali pa TV ya boma ya ZBC, pa 18 tonse mu msewu kujambulitsa ndi asoja, pa 21 mdala Mugabe watula pansi, December asanathe General Chiwenga ndi vice president. Ndiye ine nditamva kuti ku Malawi general wachotsedwa ntchito nkungonyamula chikwama kupita kwawo osatulutsa ngakhale galimoto imodzi ndinadabwa kwambiri, anzanga ku ntchito samakhulupirira

Wapampando: Mwana wanga taima pomwepo. Tili kwa eni kuno, ndipo gulu lino lili ndi manambala ambiri, ena sitikuwadziwa bwino. Za kuno tizisiye, ife tikambe za denga ndi dzina. A Mlembi muone ngati uthengawo ungatsale.

Mlembi: Palibe chachinsinsi chomwe walemba, zonse zinali pa TV. Koma tamva a Wapampando, tisapitirire nazo.

aPhiri a ku Mufakose: Mwaona? Pa gulu lathu lomwe tikunong'onezana. Nchifukwa chake ine ndikuti ana kumudzi adziwe kuti chomwe ali nacho si chamasewera. Kuno kampu ya asilikali ya KGVI anaisintha nkukhala Josiah Magama Tongogara Barracks, Rotten Row ndi misewu ina anasintha, eni ake amadziwa kulemekeza asilikali awo. Ife ku Zomba mpaka lero ndi Cobbe Barracks, dzina la mzungu.

Aphunzitsi opuma a ku Mabvuku: Tongogara anafa pa ngozi ya galimoto ku Mozambique pa 26 December 1979, dzina pa barracks linadzabwera 2017. Werengani zakazo aPhiri. Mukundithandiza ine.

Gogo a ku Dzivarasekwa: Ndine mdzukulu wawo ndikulemba zomwe akunena agogo, akuti ndisachotse kanthu. Akuti moni ana anga. Akuti inu mukukangana za akuluakulu a nyenyezi pa phewa koma m'mudzi mwathumo munatuluka asilikali ambiri a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda) ndipo palibe analembedwa paliponse. Bambo awo analembedwa usilikali ku Zomba, anakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Burma kukamenyana ndi ma Japan, anabwerako ndi jasi lalitali, mamendulo ndi chifuwa chosatha, ndalama yomwe anapatsidwa inathera pa njinga ndi msonkho, ndiye anayenda wapansi kudzera ku Tete kudzafuna ntchito ku Salisbury kuno, anagwira ya ulonda mpaka kufa, anaikidwa kuno ngati mtchona wamba. Akuti amalume awo anapita ku Malaya cha m'ma 1950 iwo sanabwereko bwino mutu, ankangoguba okha kuseri kwa nkhokwe ana nkumawaseka. Akuti chipilala chili ku Zomba chija cha KAR anachiona kamodzi ali mtsikana koma sankadziwa kuwerenga. Akutinso nthawi ya Renamo popita kumudzi ankadikira konivoyi pa Nyamapanda, asilikali a kuno kutsogolo ndi kumbuyo mpaka ku Zobue, ndipo anyamata amene ankakhala pamwamba pa magalimoto aja ndi mfuti palibe amene akuwadziwa maina. Akuti Jenerale ali ndi penshoni ndi nyumba, safuna khoma lathu. Lembani a m'mudzi. Atopa akuti basi.

Nabanda wa ku Mbare Musika: Agogo mwandiliza pa msika pano makasitomala akundiyang'ana. Agogo anga aamuna nawonso anali a KAR, chithunzi chilipo kwa azakhali ku Chitungwiza atavala chisoti chija cha ngayaye.

Mnyamata wa ku Epworth: Ine sindimadziwa nkomwe kuti a kwathu anafika ku Burma. Kusukulu kuno sitinaphunzire zimenezo

Aphunzitsi opuma a ku Mabvuku: Ndi kumudzi komwe saphunzira mokwanira mwana wanga. Moyale Barracks ya ku Mzuzu ija dzina lake ndi la malo a m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a Nyasaland anamenyana ndi ma Italy mu 1940, funsa ana a Form 4 uone angati akudziwa. Maganizo anga ndi awa, laibulale itchedwe dzina la mudzi basi, koma khoma limodzi la mkati tilembepo maina a asilikali onse a m'mudzimo amene mabanja angawakumbuke, a mfumu atithandize kufunsa khomo ndi khomo. Za a Matewere mpaka a Nundwe ndilemba ine masamba angapo, tipange laminate tipachike pambali pake.

aPhiri a ku Mufakose: Ndiye Jenerale wanga mwamutsitsa kuchoka pa chitseko kufika pa pepala la laminate kkkk. Agogo sindingawatsutse, koma ndikupempha chinthu chimodzi, pa masamba anuwo aphunzitsi nkhani ya March 2020 ilembedwe yonse, kuti anachotsedwa ndani ndipo anamuchotsa ndani, osati kuzembazemba poopa a chipani kumudzi. Ndipo voti ichitikebe Lamulungu, ine dzanja langa ndikweza ndekha olo ndikhale mmodzi.

Wapampando: Voti ichitika. Malo omwe aja, 2 koloko, osati 4.

Msungichuma: Ndakhala chete dala kuti mumalize. Khoma lomwe mukufuna kulembapo mainalo likunyowa, mvula yayamba kale kumudzi ndipo a fundi akuti njerwa za pamwamba zayamba kusungunuka. Mu thumba muli ndalama ya malata 40, akufunika 64, misomali ndi matabwa sindinawerengere. Anthu 17 simunapereke ya October, maina ndili nawo ndipo amenewo ndiye ndiwalemba pa gulu pano Lachisanu. Musanditumizire ZiG, ndalama ya kuno ija, chonde, a Mukuru ndikawapatsa ma dollar. Komanso amene akukwera basi ya ku Blantyre sabata ino andiuze, pali makatoni awiri a mabuku akhala kwanga kuyambira August mbewa zayamba kuwerenga.