Khanda la masabata atatu: ligone chagada kapena chafufumimba, nanga kukulunga kuli bwanji?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse, makamaka azamba ndi anamwino a m'gulu muno. Ndili ndi khanda la masabata atatu, linabadwa ndi makilo 3.1. Tili ku Dedza ndipo kuzizira kwa June kwafika povuta. Kuchipatala anati azigona chagada, koma apongozi akuti akabweza mkaka atsamwa, ndiye akufuna azigona chafufumimba kapena chammbali, atamangidwa zolimba ndi shawelo kuti miyendo iwongoke. Usiku timagona naye bedi limodzi m'neti. Zoona ndi ziti? Nanga kukulungako ndizichita bwanji, mpaka miyezi ingati?

Mzamba:
Mayi, chagada. Usiku, masana, ngakhale katulo ka mphindi 10, mpaka atakwanitsa chaka. Nkhawa ya apongozi anu si yachibwana, choncho muwafotokozere mwaulemu mmene khosi linapangidwira. Pakhosi pali njira ziwiri: ya mpweya ili kutsogolo, ya chakudya ili kumbuyo kwake. Mwana akagona chagada, ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi, ndiye mkaka wobwerera umatsalira pansi, iye n'kuumeza kapena kuutulutsira m'mbali mwa kamwa. Akagona chafufumimba ziwirizi zimasinthana malo, mkaka uja umadikha pakhomo penipeni pa njira ya mpweya.

Chafufumimba chili ndi vuto linanso lalikulu. Khosi la khanda silinalimbe moti n'kudzutsa mutu, ndiye mphuno ikakanirira pamatiresi amangopumanso mpweya womwe watulutsa. Amagonanso tulo tofa nato, thupi losamudzutsa mpweya ukachepa. Imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo, imene achipatala amaitcha SIDS, imachitika kwambiri pakati pa miyezi 2 ndi 4, ndipo ambiri amakhala asanafike miyezi 6. Ku Britain ndi ku America madokotala enieniwo ankalangiza chafufumimba poopa kutsamwa komweko. Atasintha uphungu, Britain mu 1991 ndi America kudzera m'kampeni ya mu 1994, imfa zimenezi zinatsika kuposa theka.

Chammbali si chapakati ayi. Khanda logonekedwa chammbali siligwera kumsana kokha, limagweranso pamimba. Musamutsamiritsenso ndi thaulo lopindapinda kapena pilo, chifukwa zimenezo ndi zomwe zimakathera kumaso.

Membala wina:
Komatu amayi athu anatilera tikugona chafufumimba ndipo tinakula. Mwana amagona nthawi yaitali akatero, mayi n'kupumako.

Mzamba:
Ambiri anakuladi achemwali, koma amene sanadzuke sali pano kuti atiuze. Tulo tatitali tomwe mukunenato ndi timene tikuopa. Khanda la masabata atatu likuyenera kudzuka n'kuyamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24. Kudzukadzuka kumeneko n'komwe kumaliteteza, ndiponso kumachulukitsa mkaka.

Namwino wa ku wodi ya makanda:
Ine ndiyankhe za kukulunga. Si lamulo, mwana akhoza kugona bwino osakulungidwa. Phindu lake n'lakuti khanda limadzidzimuka n'kutambasula manja lokha, n'kudzidzutsa. Nsalu imachepetsa zimenezo.

Tengani nsalu yopepuka ya thonje, pafupifupi mita imodzi mbali zonse. Theka la chitenje chochapidwa kangapo, chofewa, ndi labwino kuposa shawelo yaubweya kapena bulangete. Iyaleni ngodya imodzi italoza kumtunda, ndipo pindirani ngodyayo pansi pang'ono. Gonekani mwana chagada, mapewa ake akhale pamzere wopindawo, mutu ndi khosi zikhale kunja kwa nsalu. Ikani dzanja lake lamanja pachifuwa kapena m'mbali mwa thupi, kokani nsalu ya mbali imeneyo idutse pachifuwa, muilowetse kunsi kwa msana kumanzere. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Yotsala kumiyendo ingoipindani n'kuilowetsa kumbuyo momasuka.

Mukamaliza yesani zinthu ziwiri. Zala zanu ziwiri kapena zitatu zilowe pakati pa nsalu ndi chifuwa. Zikakanika mwathinitsa, nthiti zake n'zofewa, sangapume mokwanira. Nsalu ikakhalanso yolendewera kwambiri imamasuka usiku n'kukwera kumaso, nayonso ndi ngozi. Chachiwiri, mawondo azitha kukwera ndi kutang'adza m'kati mwa nsaluyo. Osagwiritsa ntchito mapini kapena zingwe, ndipo pomuyamwitsa mumasuleni, chifukwa manja ndi amene amakuonetsani njala akayamba kuwapititsa kukamwa.

Nthawi yosiya musawerenge miyezi yokha. Tsiku lomwe mwaona akuyesa kugubuduka, kukulunga kwatha. Ambiri amatero pa miyezi 3 kapena 4, ena pa miyezi iwiri. Mwana wokulungidwa akagwera pamimba alibe manja odzikankhira, ndipo palibe kagonedwe koopsa kuposa kameneko.

Wothandiza za mafupa ndi mayendedwe a ana:
Za kuwongola miyendozo chonde zisachitike. Khanda lililonse limabadwa ndi miyendo yopindika ngati ya chule chifukwa cha mmene linakhalira m'mimba, ndipo imawongoka yokha likamakula ndi kuyamba kuyenda. Nsalu siiwongola fupa. Chimene imachita ndi kuwononga polumikizana ntchafu ndi chiuno. Pamenepo mutu wa fupa la ntchafu umakhala m'kambale kosaya, kofewa. Miyendo ikatang'adza, mutuwo umakhala pakati ndipo kambaleko kamazama bwino. Mukaiwongola n'kuimanga pamodzi, mutuwo umakankhidwira m'mphepete, mwina kuguluka kumene. Mwana samva kuwawa, ndiye vutolo limadzaoneka mochedwa atayamba kutsimphina. Ana aakazi komanso ana amene anakhalira matako m'mimba ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Mukaona mwendo umodzi sukutang'adza ngati unzake posintha thewera, kapena ukuoneka waufupi, kaneneni kusikelo. Kubereka kumsana ndi chitenje miyendo itatang'adza, khosi likalimba, ndi kumene kuli kwabwino pachiuno.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga kuzizira kwa kunoku? Nsalu imodzi yopepukayo ikwanira? Ndiponso bedi tili nalo limodzi lokha.

Namwino wa ku wodi ya makanda:
Mawu akuti bedi limodziwo akusintha zinthu: mukamagona naye pabedi lanu, musamukulunge. Thupi lanu likumutenthetsa kale, ndipo akufunika manja ndi miyendo yomasuka kuti akuphiriphithireni chofunda chikamufika kumaso. Kukulunga n'kwa nthawi imene wagona payekha.

Chabwino koposa ndi kamalo kakekake pafupi ndi bedi lanu, chipinda chomwecho, kwa miyezi 6 yoyamba. Sikafuna ndalama zambiri. Dengu lalikulu la pansi pafulati kapena dilowa yotakata yochotsa m'kabati, muyalemo kamatiresi kolimba kokwana ndendende, kopanda mpata m'mbali, ndipo neti ikafike mpaka pamenepo. Ngati sizitheka, pabedipo pakhale motere: matiresi olimba, osati siponji yofooka imene yapanga dzenje pakati, chifukwa mwana amagubudukira m'dzenjemo. Agone mbali ya mayi, osati pakati pa inu ndi bambo, ndipo mwana wamkulu asagone pafupi naye. Pasakhale mpata pakati pa matiresi ndi khoma. Pilo ndi bulangete lanu zikhale kutali ndi mutu wake. Neti muikoke bwino n'kuipisa kunsi kwa matiresi kuti isalendewere pankhope. Tsiku limene wina mwa inu wamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, mwana asagone pabedipo, ndipo ngati pali wosuta fodya asagone naye n'komwe. Pasofa ndiye musayerekeze kugona mutamunyamula.

Za kuzizira, muvekeni zovala m'malo momuunjikira zofunda: chovala chimodzi kapena ziwiri kuposa zimene inu mwavala, ndi masokosi. Kabulangete kakhale kopepuka, kalekezere pachifuwa, kopisidwa m'mbali. Musamuyese ndi manja kapena mapazi, amenewo amazizira nthawi zambiri. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Pakhale pofunda, pouma. Pakakhala thukuta, tsitsi lanyowa, kapena pali tinsungu, chotsani chimodzi, kuyambira chipewa. Chipewa chikhale chomukwana, chopanda zingwe. Kutentha kwabwino kwa thupi lake ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5. Akapitirira pamenepo, akazizira thupi lonse, akakana bere, akamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.

Mlangizi wa zaumoyo:
Ndiwonjezere za mbaula, poti nyengo ino ambiri amailowetsa kuchipinda. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka, wopanda fungo, ngakhale atayaka mpaka kufiira osafuka utsi. Mbaula isagone m'nyumba. Mwana akazizidwa, m'vuleni atsale ndi thewera ndi chipewa, mumuike pachifuwa panu khungu ndi khungu, mufunde nonse, inu muli maso. Kwa amene akuwerenga ali ndi mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilo 2.5, tsatirani njira ya kangaru monga anakuonetserani kuchipatala. Pamenepo mwana amakhala choimirira pakati pa mabere, mutu utapendekera mbali. Koma mukangomutsitsa kuti agone payekha, nayenso ndi chagada.

Membala wobisa dzina:
Lomaliza: akuti chagada chimaphwatalitsa kumbuyo kwa mutu. Nanga akadzayamba kutembenuka yekha usiku?

Mzamba:
Mutu umaphwatalala akamatsamira malo amodzimodzi. Lero muyang'anitseni kumanja, mawa kumanzere, ndipo muzisintha mbali imene mutu waloza pogona, popeza khanda limatembenukira kumene kuli kuwala ndi mawu a mayi. Ali maso masana, mugonekeni chafufumimba pachifuwa panu kapena pamphasa yoyala chitenje, mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu patsiku, inu muli pomwepo. Akayamba kusinza, mutembenuzeni. Akadzafika potembenuka yekha mbali zonse ziwiri, kuchoka chagada kupita chafufumimba ndi kubwereranso, muzimugonekabe chagada poyamba, koma simukufunika kudzuka usiku kukamutembenuza, bola pogona pakhale polimba, popanda pilo, ndipo manja ake akhale panja pa nsalu.