Sherman iyi ndi V kapena III? Hull ndamata kale, kasitomala akuifuna Loweruka

Chitsulo35:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala wandipatsa chithunzi chimodzi chokha cha agogo ake, ati anali mu 6th South African Armoured Division ku Italy mu 1944, akufuna ndimumatire model ya pulasitiki ya thanki yawoyo, Sherman, mu 1/35 (yochepetsedwa ka 35). Chithunzicho kukula kwake ngati bokosi la machesi, anajambula chakutsogolo mopendekera. Hull (thupi la thanki) yowotcherera, small hatch (zitseko zolowera zazing'ono), ma hood a dalaivala atuluka bwinobwino, mfuti ya 75 mm, mphuno three-piece (ya zidutswa zitatu) mabauti ake akuoneka. Engine deck osaoneka ngakhale pang'ono, aunjikapo matenti ndi majerikani, ndiye anyamata anayi akhala m'mphepete, miyendo lendelende pa ma bogie (zitsulo zogwira mawilo awiriawiri). Ine ndinangoti Sherman III (dzina la a British la M4A2) nkumata hull ya M4A2 Lamulungu, primer (utoto woyamba) ndapaka kale. Usiku wathawu ndikuyang'ananso mtima wangoti myuu, mwina ndi Sherman V (M4A4). Theka la ndalama ndinalandira ndipo ndinadya. Nditani?

MkuluWaGuluu:
Mwati three-piece? Ndiye mukuvutikiranji achimwene, imeneyo ndi M4A4 basi. Chrysler anapanga 7,499 ndipo palibe ngakhale imodzi inatuluka ndi mphuno ya one-piece. Sherman V, nkhani yatha.

Nabanda_72:
Ayi akulu, mwaitembenuza. M4A4 zonse zinali ndi three-piece, zoona, koma si zokhazo. M4, M4A1 ndi M4A2 zoyambirira zambiri zinatulukanso ndi mphuno yomweyo. Mphuno payokha siuza munthu kanthu. Achimwene a Chitsulo, yang'anani mpata pakati pa ma bogie. Injini ya M4A4 ija, A57 multibank, inali ma injini asanu a masilinda 6 omangidwa pamodzi, sinakwane m'hull wamba. Anatalikitsa hull ndi mainchesi 11, ma bogie nkutalikirana. Pa V, wilo lomaliza la bogie yoyamba ndi loyamba la yachiwiri pali danga looneka. Pa III amakhala ngati akufuna kugundana.

Chitsulo35:
Achemwali, pamene mukunenapo ndi pomwe pali majombo a anyamatawo. Ndikuona mawilo atatu okha, lachinayi theka.

MkuluWaGuluu:
Ndiye nchifukwa chake ndikuti muone mphuno. Chooneka ndi chimenecho, mukufuniranji zobisika?

Kasinja_Jozi:
Ine zinandionekerapo zotere, ndipo chenjezo langa ndi lakuti musakhulupirire thanki za m'mamyuziyamu ndi zapazipilala. Chaka china ndinayenda ulendo wa maola anayi kukajambula Sherman ina pa myuziyamu ina, ndi tepi yoyezera ndi zonse, mlonda mpaka anayamba kundiyang'ana chammbali. Ndinapanga ndendende mmene ndinaionera, miyezi itatu. Kupita nayo kuchionetsero, mdala wina wa ndodo anangowerama nkuti turret (mutu wozungulira wonyamula mfuti) imeneyi si ya hull imeneyi. Kani itatha nkhondo anangotola turret ya high bustle (ya kumbuyo kokwera) nkuika pa hull ya small hatch, track za mtundu wina, utoto wa momwe anaganizira okha. Manyazi ake ndinasowa polowa. Kuchokera tsiku limenelo ndimayamba ndafufuza casting number, nambala yolembedwa pa turret poiumba. D50878 ndi low bustle, D78461 ndi high bustle, koma pa chithunzi changati chanucho simungaiwerenge.

Nabanda_72:
Ndiponso turret siithandiza pa funso ili, III ndi V za small hatch zonse zinkanyamula low bustle. Chimodzimodzi mantlet, chishango cha patsinde pa mfuti. M34 yopapatiza kapena M34A1 yotambalala ikuuzani nthawi, osati mtundu, komanso zina ankasintha ku depoti. Ma applique (zitsulo zowonjezera chitetezo) a m'mbali aja nawonso musawadalire, imodzi kumanzere ziwiri kumanja, ankawotcherera pa thanki iliyonse ya dry stowage (yosunga zipolopolo popanda madzi ozitchinga) imene yawapeza.

WaPutty:
Chinanso, mukaona bokosi kumbuyo kwa turret musathamangire kuti Firefly, Sherman ija ya mfuti yaitali ya 17-pounder. A British ndi anzawo ankamangirira bokosi lamalata la katundu pa Sherman wamba. La wailesi la Firefly ndi lachitsulo chochindikala, lowotcherera ku turret. Mwati mfuti ndi 75, koma mwatsimikiza? 17-pounder ankaipaka utoto theka lakutsogolo kuti izioneka yaifupi, pa chithunzi chakale munthu umapusa. Onani ngati machine gun ya pa hull ilipo. Firefly anaichotsa nkutsekapo.

Chitsulo35:
Ilipo, ikuoneka. Si Firefly, osachepera pamenepo ndapuma.

MkuluWaGuluu:
Zaka 26 ndikumata zinthuzi. Hull yowotcherera, three-piece, 75, asilikali a Commonwealth ku Italy. Mukufuna chiyaninso, kuti itsike pachithunzi ikuuzeni yokha? M4A4 Amereka sanaifune kunkhondo, pafupifupi zonse zinapita kwa a British ndi anzawo, ndipo a South Africa anafika nazo ku Italy zimenezo. Ndi V.

Nabanda_72:
Apa pokha mwanena zomveka akulu, gululo linagwiritsadi Sherman V, kenako linalandira IIA, ija ya hull youmba ndi 76. Ndiye mwina mukhoza kulondola, koma osati chifukwa cha mphuno.

MkuluWaGuluu:
Chifukwa cha mphuno.

Kasinja_Jozi:
Achimwene, kaya ndi V kaya si V, chimodzi ndikupempheni: musadule hull ya M4A2 kuti muitalikitse. Mainchesi 11 mu 1/35 ndi pafupifupi mamilimita 8, zimaoneka ngati zamasewera, kachidutswa ka plasticard basi. Mnzanga wina anayesa. Anacheka ndi razor saw, kuika kachidutswa, kenako anazindikira kuti ma bogie onse ayenera kusuntha, deck ndi ina, V ili ndi chotupa cha radiator kumbuyo kwa turret pomwe III ili ndi zitseko za grille za dizilo, rear plate ndi ina. Atamaliza zonsezo track zinaperewera, V imafuna ma link 83 mbali iliyonse, osati 79. Anakhala pansi ndi ma link asanu ndi atatu osowa, kit itatha. Ili m'kabati mpaka lero, mayi akunyumba amasungiramo mabatani.

WaPutty:
Ndipo mukatenga conversion ya resin, chekani yonyowa, pamphuno mutavala kanthu. Ine ndinapala youma m'chipinda chotseka, sabata yonse kukhosomola ngati ndapunthira fodya.

Chitsulo35:
Ndiye mukuti ndigule kit ina? Kuitanitsa kumatenga masabata atatu, Loweruka ndi ili. Maganizo ena akuti ndingounjika matenti pa deck ngati pachithunzipo, ndiike anyamata anayi miyendo pa ma bogie, ndani adziwe?

Nabanda_72:
Kasitomala sadziwa, koma akaijambula nkuiika pa Facebook ndi dzina lanu, pasanathe ola wina awerenga mpata wa ma bogie. Muimbireni foni. Funsani ngati kuseri kwa chithunzi kuli zolemba, kapena ngati m'alubamu muli china chooneka nambala ya thankiyo, ija yoyamba ndi T, ya m'mbali mwa hull. Nambala imeneyo ikhoza kuthetsa mkangano wonsewu. Mufunsenso rejimenti, Pretoria Regiment, Prince Alfred's Guard kapena Special Service Battalion, chifukwa ma decal (zizindikiro zomata) nawonso akudikirani. Katatu kachikasu m'kati mwa kobiriwira ndi ka division yonse, koma manambala ena amasiyana.

MkuluWaGuluu:
Muimbe, musaimbe, mudzabwera pompano kudzanena kuti ndi V. Three-piece.

WaPutty:
Tili pomwepa, alipo akudziwa kachotsedwe ka primer imene yauma kale osasungunula pulasitiki? Ulendo watha ndinaviika turret mu thinner ya galimoto usiku wonse, mmawa ndinapeza phala.

Kasinja_Jozi:
Thinner ya galimoto akulu? Isopropyl ndi mswachi wakale, ngati ili acrylic. Koma yesani kaye pa sprue, pulasitiki yotsala ya kit. Mukugula kuti masiku ano, kuno botolo laling'ono lakweranso mtengo.